Ndayika RAM ya 8GB koma kompyuta ikugwiritsa ntchito 3GB yokha: ndaberedwa kapena?

Inki_Yatha:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru ndisanakayambane ndi munthu kumsika. Ndili ndi kamalo kotayipira makalata, kusindikiza ndi kupanga fotokope. Kompyuta yanga ndi ya padesiki, yakaunjika, Core i3 ya m'ma 2011, ndipo inabwera ndi Windows 10 ndi RAM ya 2GB. Masiku ano ukatsegula Chrome ndi Word pamodzi utha kukatereka madzi a tiyi n'kubwerera isanayankhe. Ndiye ndadzimana miyezi iwiri, ndagula RAM ziwiri za 4GB. Ndayika, yayaka bwinobwino, koma ikulemba kuti RAM ilipo 8GB, yogwiritsidwa ntchito ndi 3.4GB basi. Mnyamata amene anandigulitsa akuti katundu wake alibe vuto, vuto ndi Windows yanga chifukwa ndi ya 32-bit. Kodi akunena zoona kapena akungondithawa? Ngati n'zoona, pali poti ndingadine kuti isanduke 64-bit popanda kutaya kalikonse? Mkatimo muli ma CV a anthu, makalata a mipingo ndi makadi a maukwati a zaka zisanu ndi chimodzi.

Kachiwaya:
Mnyamatayo musiyeni achimwene, sanakubereni. Poti mudine palibe. Kufomata basi.

Namzeze:
Kkkk munthu akulira ma CV a anthu inu mukungoti kufomata ngati mukunena zothira mchere m'ndiwo.

Madala_a_Seva:
A Inki, musanachite chilichonse, bwererani pomwe munaona za RAM paja, muyang'ane mzere wolembedwa System type. Ukakhala ukunena kuti "32-bit operating system, x64-based processor" ndiye kuti purosesa yanu imatha 64-bit, chotsalira ndi Windows yokha. Core i3 zonse zimatha, koma onani ndi maso anu.

Za 3.4GB zija zili chonchi. Baiti iliyonse mu RAM imafuna nambala yake, ngati nambala ya puloti. Ndi mabiti 32, manambala amene mungalembe ndi 4,294,967,296, omwe ndi 4GB ndendende. Ndiye pa manambala omwewo, ena amalandidwa ndi zida zina za m'kompyuta, makamaka gawo loonetsa zithunzi. Otsalawo ndi amene mukuwaonawo. RAM inayo ilimo ndithu, siyakufa, kungoti ilibe nambala yoiyitanira.

Inki_Yatha:
Ndaona madala, pakulembedwa momwe mwaneneramo. Ndiye ngati purosesa ikutha, bwanji Windows siyingangosintha yokha ngati mmene imachitira ikamadzikonza usiku ija?

Madala_a_Seva:
Chifukwa si fayilo imodzi yofunika kusintha. Pulogalamu iliyonse imene ili mu Windows inamangidwa m'malamulo amene purosesa imamva, ndipo a 32-bit ndi a 64-bit ndi osiyana. Mtima wa Windows, madiraiva onse (timapulogalamu toyendetsa zida monga pulinta), timafayilo zikwizikwi ta m'kati, zonsezo ziyenera kuchoka n'kubwera zina. Microsoft sinapereke njira yosinthira zimenezi kompyuta ili chiyakire. Njira yake ndi kuyika Windows yatsopano kuchokera pa fulashi. Chabwino n'chakuti layisensi ndi yomweyo: ngati muli ndi Home muyike Home, ngati ndi Pro muyike Pro. Fulashi ikhale ya 8GB kapena kuposa, ndipo zonse zomwe zili pa fulashipo zifufutika.

Pengwini265:
Madala mwafotokoza bwino koma pa 4GB paja ndikutsutsani pang'ono. Si zoona kuti 32-bit siingaone RAM yoposa 4GB. Kuyambira pa Pentium Pro ya 1995 pali chinthu chotchedwa PAE chomwe chimatalikitsa manambala aja kufika mabiti 36, kutanthauza 64GB. Linux ya 32-bit inkaona 8GB popanda vuto. Windows ya m'nyumba ndi imene inaikiridwa malire a 4GB.

Madala_a_Seva:
Zoona, sindikukana. Koma ngakhale ndi PAE, pulogalamu imodzi siidutsa 4GB, ndipo a Inki ali pa Windows. Ndimafuna ndisawazunguze mutu.

Kachiwaya:
Yayambika. A Pengwini akangomva fungo la Windows amabwera ndi ulaliki.

Pengwini265:
Ulaliki ayi, umboni kkk. Poti funso ndi lakuti kodi zimatheka kusintha osafomata, ine ndinachitapo, pa Debian, mtundu wina wa Linux. Ndinkayang'anira seva ya kabungwe kena, inali ya 32-bit kuyambira kalekale ndipo munali zinthu zosanjidwa ndi anthu atatu amene anachoka ine ndisanabwere, palibe analemba chilichonse papepala. Kufomata kunkandiopsa. Debian kuyambira mtundu wa 7, wa 2013, imalola mapaketi a mitundu iwiri ya purosesa kukhalira limodzi. Ndiye umalemba dpkg --add-architecture amd64, kenako umayika kernel, mtima wa Linux, ya 64-bit n'kuyatsanso. Apa kompyuta imakhala yachilendo: pansi 64-bit, pamwamba ponse 32-bit, koma ikuyenda. Kenako pamabwera pomwe pamatuluka thukuta. Umayenera kusintha dpkg ndi apt, zida zoyikira mapulogalamu, zomwezo zimene ukugwiritsa ntchito posinthapo. Zili ngati kusintha mizati ya nyumba denga lili pamutu pako. Ukazula mzati wolakwika nthawi yolakwika, ngakhale lamulo loonetsa mafayilo limakana.

Ndinayamba Loweruka m'mawa, ndinamaliza Lamulungu anthu akuweruka kutchalitchi. Zonse zinadzuka kupatula PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta. Inakana kuwerenga mafayilo ake omwe, chifukwa momwe imasanjira zinthu pa disiki zimatengera mtundu wa purosesa imene inamangidwira. Kulakwa kunali kwanga: ndimayenera kutulutsa zonse ndi chida chake cha pg_dump ndisanayambe. Mwamwayi ndinali nditakopera disiki yonse Lachisanu, ndiye ndinaidzutsa pa kompyuta ina, kutulutsa deta, kubweretsa.

Namzeze:
Ndiye mwapindula chiyani? Masiku awiri, mapeto ake mwadalirabe zomwe munakopera. Mukanafomata bwenzi Loweruka masana muli ku mpira.

Pengwini265:
Lero mutandifunsa ndinganene kuti fomatani. Koma ndinadziwa seva ija mkati ndi kunja.

Joni_Boy:
Ine ndifunse zanga pomwepa. Ndimafuna kuyesa Debian pa laputopu yanga ya Intel koma pamalo otsitsira ndikungoona amd64, arm64 ndi zina zosadziwika. Ya Intel ili kuti? AMD ndilibe ine.

Pengwini265:
Tengani amd64 yomweyo aise. Dzinalo ndi la mbiri chabe.

Madala_a_Seva:
Mbiri yake ndi yokoma ndipo ikukhudza funso la a Inki. Intel itafuna kupita ku 64-bit inapanga purosesa yatsopanotu, mothandizana ndi HP, yotchedwa Itanium. Inatuluka mu 2001. Malamulo ake sankafanana ngakhale pang'ono ndi a x86, omwe mapurosesa a Intel ndi AMD ankayendera, ndipo mapulogalamu akale ankayenda mokwawa. AMD inatenga njira ina: inasiya x86 momwe inalili n'kuiwonjezera 64-bit pamwamba, kuti pulogalamu yakale iziyenda pa liwiro lake lomwe. Opteron inatuluka mu 2003. Anthu anathamangira kumeneko chifukwa palibe amafuna kutaya mapulogalamu omwe anagula kale, mpaka Intel inatengera njira yomweyo mu 2004. Itanium inakhalabe m'maseva ochepa mpaka anasiya kuitumiza mu 2021. N'chifukwa chake Core i3 ya a Inki, yopangidwa ndi Intel, imayendera malamulo amene anayamba ndi AMD.

Mlongo_wa_ku_Leeds:
Pepani kulowerera, ine za madiraiva sindizidziwa, ndine namwino. Koma mukuopsezana kwambiri. Ndinali ndi MacBook ya Intel, ndinagula ya M1, akuti purosesa yake ndi yamtundu wina kotheratu. Ndinalumikiza ziwirizo, ndinapita kukagwira shifiti ya usiku, pobwera zonse zinali zitasamuka. Pulogalamu ina nditaitsegula inangondifunsa kuti iyike Rosetta, ndinavomera, basi. Batire mpaka ndimaiwala komwe ndasiya chaja. Nanga bwanji kwa achimwene a Inki zikhale zovuta, pomwe purosesa yawo ndi yomweyo?

Kachiwaya:
Chifukwa inu munagula kompyuta ina achemwali. A Inki akufuna kusintha injini minibasi ili ndi anthu.

Madala_a_Seva:
A Kachiwaya akhoza. Komanso funso la achemwali ndi labwino, chifukwa pali zinthu ziwiri zomwe tikuzisakaniza.

Kuchoka pa 32-bit kupita pa 64-bit ya x86 kuli ngati munthu wa ku Lilongwe kukafika ku Chipata. Purosesa imamva zonse ziwiri payokha, womasulira safunika. N'chifukwa chake Windows ya 64-bit ili ndi foda ya Program Files (x86), momwe mumakhala mapulogalamu a 32-bit, ndipo amayenda bwinobwino.

Kuchoka pa Intel kupita pa ARM, komwe kuli M1, kuli ngati kumutenga munthu yemwe uja kukamusiya pakati pa anthu olankhula Chiarabu. Palibe liwu lomwe akumva. Pamafunika womasulira, ndipo Rosetta ndi womasulirayo. Rosetta yoyamba, ya 2006, inkamasulira pulogalamu ikuyenda, ngati womasulira wa pamsonkhano wachitsitsimutso: mlaliki anene, iye abwereze, ulaliki wa ola limodzi utenge maola awiri. Rosetta 2 mbali yaikulu imamasuliratu pulogalamu isanayambe kuyenda n'kusunga zomasulirazo, ngati munthu amene wapatsidwa ulaliki Loweruka madzulo. Ndiye poyamba pulogalamu imachedwa kutseguka, kenako simuonanso kusiyana kwenikweni.

Apple izi yazichita katatu. Mu 1994 inachoka pa Motorola 68000 kupita pa PowerPC. Mu June 2005 Steve Jobs analengeza zopita ku Intel, makompyuta oyamba anatuluka mu January 2006, ndipo pofika August chaka chomwecho onse anali atasamuka. Mu June 2020 analengeza zopanga mapurosesa awo, M1 inatuluka mu November, koma Mac Pro inadikira mpaka 2023. Chimene chimawathandiza n'chakuti makina ndi awo, macOS ndi yawo. Akati tikusamuka, opanga mapulogalamu alibe kochitira.

KwaChipata:
Ba Madala mwatiyika mu chitsanzo kkk. Koma womasulira uja sakhalitsa. Rosetta yoyamba inachotsedwa mu 2011 pa Mac OS X Lion. Amene anali ndi mapulogalamu a PowerPC omwe eni ake anasiya kuwakonza anangotsala nawo m'manja. Mu 2019 macOS Catalina inasiyanso mapulogalamu onse a 32-bit. Ndipo alengeza kale kuti macOS Tahoe ndi yomaliza pa Mac za Intel. Ndiye alongo athu a ku Leeds, yakale ija ngati munatumiza kumudzi, auzeni.

Mlongo_wa_ku_Leeds:
Ili ndi mwana wa achemwali anga ku Zomba, akulembera homuweki. Musandiyambitsire nkhani yogula ina chonde.

Joni_Boy:
Kuno laputopu za ARM za Windows zayamba kuoneka m'mashopu. Abwana anga anagula imodzi, yopepuka, siitentha, batire tsiku lonse. Anandipatsa kuti ndiilumikize ku pulinta yakale ya mu ofesi. Ndinalimbana nayo mpaka madzulo. Word ikuyenda, Chrome ikuyenda, pulogalamu ya maakaunti ya x86 ikuyenda, koma CD ya pulinta ikukana.

Madala_a_Seva:
Pamenepo ndi pomwe womasulira amathera. Amamasulira mapulogalamu a pamwamba, koma diraiva imene imalowa mu mtima wa Windows iyenera kukhala yomangidwira purosesa yomweyo. Pa ARM pamafunika diraiva ya ARM. Ngati wopanga pulinta sanaitulutse, chotsala n'kuyesa madiraiva a onse amene amabwera ndi Windows, mwina kudzera pa netiweki. Nthawi zina imasindikiza koma zina monga kusankha thireyi zimasowa.

Microsoft inayamba yapsa nazo zimenezi. Mu 2012 inatulutsa Surface RT, ya ARM, yooneka ngati Windows koma yosayendetsa mapulogalamu wamba a x86. Anthu ankagula, kufika kunyumba, kupeza kuti pulogalamu yawo siilowa. Mu 2013 kampaniyo inalengeza kuti yaluza pafupifupi madola 900 miliyoni pa katundu ameneyu. Anabwereranso mu 2017 ndi Windows 10 ya ARM yomwe inkamasulira x86 ya 32-bit yokha. Kumasulira 64-bit kunakhazikika ndi Windows 11.

A Inki, nkhani ya madiraivayi ikukukhudzani inunso. Pulogalamu ya 32-bit iyenda pa Windows ya 64-bit, koma diraiva ya 32-bit ayi. Tiuzeni zida zonse zolumikizidwa ku kompyutayo.

Namzeze:
Ine chomwe chikundiwawa ndi bandulo. Windows yokha ndi magigabaiti asanu ndi kanthu, kenako ikangolowa imayamba kudzikonza, kenako Office, kenako madiraiva. Amene amalemba malangizowa amaganiza kuti tonse tili ndi intaneti yopanda malire.

Kachiwaya:
Gulani ya usiku, mugone pa shopu.

Namzeze:
Ndinayesapo. Pa 94% magetsi anathima, foni yomwe ndimagawira intaneti inali pa chaja, laputopu batire yake inafa kalekale. Ndinangokhala mumdima kumvetsera agalu.

KwaChipata:
Kkkk kuno n'chimodzimodzi. Ine ndinagula sola ndi inivata chifukwa cha zomwezo. Funsani anzanu okonza makompyuta, ambiri amayenda nayo fulashi ya Windows m'thumba.

Pengwini265:
Fulashi za m'thumba muzisamala nazo. Zambiri ndi Windows yosinthidwasinthidwa, simudziwa chomwe anaikamo. Pa kompyuta yosunga ma CV a anthu, okhala ndi manambala a foni ndi masiku obadwa, ine sindingayerekeze.

Gogo_Floppy:
Ana inu mukudandaula magigabaiti. Ife tinkayika Windows 95 ndi mafulope khumi ndi atatu, yachikhumi n'kupezeka yafa. Koma tibwerere kwa mwini funso, mwamusiya yekha panjira.

Inki_Yatha:
Zikomo agogo kkk, ndimangowerenga. Zida ndi izi: pulinta ya leza yakuda, pulinta ya inki ya makala, ndi sikana yakale kwambiri imene ndinapatsidwa ndi amalume pamodzi ndi bizinesiyi. Palinso kapulogalamu kena kopangira makadi ndi masatifiketi, kali pa CD yolembedwa 1997. Makasitomala a mipingo amakonda timaluwa take ta m'mphepete. Kameneka nditaya ndiye kuti ndataya theka la ntchito ya December.

Gogo_Floppy:
Aaa, ndiye apa imani kaye. Pulogalamu ya 1997 itha kukhala ya 16-bit, ya nthawi ya Windows 3.1, kapena yokha ndi ya 32-bit koma choyikira chake ndi cha 16-bit, zinkachitika kwambiri zaka zimenezo. Windows ya 32-bit imayendetsa 16-bit. Ya 64-bit siyendetsa, olo mutaipempha bwanji. Mwina amene anakuikirani 32-bit poyamba sanali wopusa, ankadziwa za CD imeneyo.

Yesani izi: tsegulani kapulogalamuko, kenako Task Manager, muone ngati pali chinthu cholembedwa ntvdm. Chikakhalapo, ndi 16-bit.

Inki_Yatha:
Chilipo agogo. Mtima wanga wagwa.

Kachiwaya:
Walira mvula walira matope.

Namzeze:
Inu a Kachiwaya simuthandiza, mumangoponya miyala muli pa chulu.

Madala_a_Seva:
Musataye mtima. Njira zilipo, ndipo yomwe ndingakulangizeni ndi yosakhudza disiki yanu yakale n'komwe. Pezani SSD, disiki yothamanga yopanda zozungulira mkati, ngakhale yaing'ono ya 120GB. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha disiki yakale, lumikizani SSD, yikani Windows ya 64-bit pamenepo. Chifukwa chozulira chingwe n'chakuti poyika Windows pamabwera mndandanda wa madisiki, ndipo anthu ambiri amafufuta yolakwika pamenepo, dzanja limathamanga kuposa maso. Mukamaliza, bwezerani chingwe. Muzisankha disiki yoyambira poyatsa. Yatsopano ikakukanani pena pake, yakale ilipo momwe munaisiyira, ndi timaluwa take.

Phindu lina n'lakuti kuchedwa komwe mumadandaula kuja, mbali yaikulu ndi disiki yozungulira ija. SSD muimva kuposa RAM.

Musanayambe, lowani pamasamba a opanga mapulinta ndi sikana, mufufuze diraiva ya Windows 64-bit pa chida chilichonse, muzisunge pa fulashi. Diraiva ya netiweki muisungenso, kuti musadzapezeke mulibe intaneti yotsitsira diraiva ya intaneti.

Pengwini265:
Kapulogalamu ka 1997 kathanso kukhala mu VirtualBox, Windows yakale mkati mwa yatsopano. Ndi 8GB malo alipo. Koma poti palibe akunena, ndinene ine: Windows 10 inasiya kulandira zotseka mabowo pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo ndi kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Core i3 ya 2011 ndi ya m'badwo wachiwiri. Ndiye mukuvutika kusamukira m'nyumba yomwe eni ake anasiya kuifolera. Linux Mint ingayende bwino pa makina amenewo, ndipo masikana akale ambiri amagwira pa Linux popanda CD.

Inki_Yatha:
A Pengwini ndikumva, koma kasitomala amabwera ndi fayilo ya Word pa fulashi, akufuna ituluke ndendende momwe anaisanjira, ali chiimire, basi ikumudikira. Tebulo likangosuntha pang'ono ndi ine wolakwa. Za Linux ndidzayesa pa kompyuta ya kunyumba ndikadzakhala nayo.

KwaChipata:
Ndipo ba Pengwini musaiwale kuti kwanuko nakonso 32-bit akuitsazika. Debian 13 ya August 2025 ilibenso choyikira kapena kernel ya i386, yomwe ndi x86 ya 32-bit. Ubuntu inasiya kale. Tili ndi timanetibuku ta Atom N270 pa sukulu ina kuno, purosesa yake 64-bit siidziwa n'komwe. Timeneto ndiye palibe kosamukira.

Pengwini265:
Timeneto tisiyeni pa Debian 12, tichotseni pa intaneti, ana aziphunzirira kutayipa. Ndipo pali china chikubwera: makina ambiri a 32-bit a mtundu wa Unix amawerenga nthawi ngati masekondi kuchokera pa 1 January 1970, ndipo nambalayo idzadzaza pa 19 January 2038. Debian 13 inakonza zimenezi pa ARM ya 32-bit, koma i386 anaisiya dala momwe ilili kuti mapulogalamu akale asasweke.

Gogo_Floppy:
2038 mudzationera inu.

Wa_Fomu_Folo:
Pepani akuluakulu ine ndi mwana pano. Ndili ndi kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4 ka kalabu yathu ya sayansi. Ndinakopera pulogalamu kuchokera pa laputopu ya aphunzitsi ya Ubuntu, pa Pi ikungoti "Exec format error". Zonse ndi Linux, ndiye chavuta n'chiyani?

Pengwini265:
Funso lako ndi nkhani yonseyi mwachidule mphwanga. Lemba uname -m pa makina onse awiri. Laputopu ikuuza x86_64, Pi ikuuza aarch64 kapena armv7l. Linux ndi imodzi, mapurosesa ndi awiri. Usakopere pulogalamu yomangidwa kale. Yika pa Pi pomwepo ndi apt, kapena tenga source code uimangire pa Pi. Ikakhala ya Python, fayilo yomweyo iyenda mbali zonse, chifukwa womasulira wake ali kale pa Pi. Ndipo ngati Pi ikunena armv7l, uli pa 32-bit ngakhale purosesa yake ndi ya 64-bit, vuto lofanana ndi la a Inki. Raspberry Pi OS ya 64-bit inatuluka mwalamulo mu February 2022. Kwa iwe n'kosavuta, ndi kulemba memori khadi ina basi.

Wa_Fomu_Folo:
Zikomo ankolo, ikunena aarch64. Ndayika ndi apt yatheka.

Mlongo_wa_ku_Leeds:
Ndiye zithunzi ndi makalata a achimwene a Inki nazonso zifuna womasulira? Ndikufunsa chifukwa zanga zinangotseguka.

Madala_a_Seva:
Ayi achemwali. Chithunzi cha JPEG, PDF, kalata ya Word, nyimbo, zonsezi zinalembedwa mwa njira yogwirizana, purosesa iliyonse imawerenga. Zomwe zimavuta ndi mafayilo amene pulogalamu imadzilembera yokha mongotsanula zomwe zili mu RAM, ngati zomwe zinawagwera a Pengwini. Pa nthawi yochoka pa PowerPC kupita pa Intel panalinso vuto lakuti mapurosesa awiriwa ankasanja mabaiti a nambala mosemphana, ina kuyambira ku mutu, ina kuyambira ku mchira. Opanga mapulogalamu amene sanasamale, mafayilo awo ankatuluka manambala opanda tanthauzo. Pakati pa Intel ndi M1 vuto limeneli palibe, zonse zimayambira ku mchira.

Inki_Yatha:
Ndabwerako akuluakulu, patha sabata. Ndinatsatira za madala. SSD ndinagula kwa mnyamata yemwe uja, ndinamupepesa kaye chifukwa ndinali nditamulankhula mawu pa foni. Ndinazula chingwe cha disiki yakale, ndinayika 64-bit Lamulungu masana shopu ili yotseka. Tsopano ikulemba 7.9GB, ndipo imayaka ndisanamalize kuchotsa nsalu pa fotokope.

Pulinta zonse ziwiri zagwira. Sikana yakana, diraiva ya 64-bit sindinaipeze paliponse. Kapulogalamu ka makadi nakonso kakana monga ananenera agogo. Ndiye ndikafuna kusikana kapena timaluwa, ndimazimitsa n'kuyatsira disiki yakale. Zikutopetsa koma ntchito ikuyenda. VirtualBox ndiyesa December akadutsa.

Chomwe palibe anandichenjeza ndi mafonti. Lolemba kunabwera mayi wina kudzasindikizanso makadi a chinkhoswe omwe ndinawapangira mwezi watha. Nditsegule fayilo, zilembo zopindikapindika zija zonse zasanduka zowongoka ngati kalata ya kukhoti, mayina a akwati atadumphira tsamba lachiwiri. Mayiyo akundiyang'ana, ine thukuta. Ndinawapempha akagule kaye zakumsika. Ndinalowa mu disiki yakale, foda ya Windows, kenako Fonts, kukopera onse, kuwayika mu yatsopano. Pobwera anapeza makadi ali pa tebulo.

Gogo_Floppy:
Mukanamvera a Kachiwaya tsiku loyamba lija bwenzi mafontiwo mukuwafuna kuti?

Kachiwaya:
Ine ndinati kufomata, sindinati disiki iti.

Namzeze:
Kkkkk munthu uyu.

Pengwini265:
A Inki, tandilemberani dzina ndi nambala ya sikanayo ku inbox. Ndikufuna ndione ngati ili pa mndandanda wa SANE, pulogalamu yoyendetsa masikana pa Linux. Ikapezeka, fulashi imodzi ya Linux yongoyatsira osayika ikukwanirani, ndipo sindinenanso za Word.

Inki_Yatha:
Ndikutumizirani madzulo, pepala lake lili kunsi ndipo pamwamba pake pali mulu wa mapepala a mayeso a sukulu ina omwe akuwafuna mawa 7 koloko.